Funso Limene a Kamphinda Sanafunse

Panali munthu wina kufupi ndi Mponela, dzina lake a Kamphinda, mkulu wa mpingo. Anakhala pa benchi ya akulu, kutsogolo kwa tchalitchi, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anali munthu wouma pang'ono, wa jekete imodzi yakuda, ndipo akakuyang'ana pamwamba pa magalasi unkayamba kukumbukira machimo ako a chaka chatha. Koma bodza ankadana nalo kwambiri, ndipo anthu ankawalemekeza chifukwa cha chimenecho.

Anali ndi mwana wamkazi, Esinati, telala wa pa msika. Anakulira mu Sande sukulu, anaimbapo kwaya, mayankho a m'kalasi ankawanena osapunthwa. Atafika zaka makumi atatu anasiya kupita ku tchalitchi. Sanayambe mowa, sanalande mwamuna wa mwini, sanapite kwa sing'anga. Anangosiya.

Bambo ake atamuitana kuti amufunse, anagwada n'kunena kuti, "Ababa, sindikufuna kukunamizani. Ine sindikukhulupiriranso kuti Mulungu aliko."

"Ndiye zimene wasankha zimenezo?"

"Sindinasankhe, ababa. Ndasala kudya. Ndapita kuphiri ndi amayi a mapemphero kawiri konse. Koma ndikagwada ndimangomva kuti ndikulankhula ndekha. Zinatha pang'onopang'ono, ngati madzi mu mtsuko wong'aluka. Tsiku limene zinathera sindikulidziwa."

A Kamphinda anati, "Unatuluka wekha, ubwerera wekha. Kaganize bwino." Kwa iwo nkhani inali yapafupi. Ankaona kuti kusakhulupirira ndi mwano basi, ndipo mwano umatha munthu akafuna.

Tsono mpingo umenewo unali ndi lamulo lake. Mkulu amene mwana wake wakana chikhulupiriro poyera sankayenera kukhalanso kutsogolo, poti ankati walephera nyumba yake. Bwalo la akulu linawapatsa nthawi mpaka Lamulungu la Mgonero. Esinati akadzaima pamaso pa mpingo n'kuyankha mafunso atatu a anthu obwezeredwa, nkhani yatha. Akapanda kutero, bambo ake atsike pa benchi.

Ndikuona ena mwa inu mukumwetulira, mukuti benchi ndi thabwa chabe. Dikirani mudzakhalepo zaka makumi awiri, mudzandiuze. A Kamphinda akazi awo anali atamwalira, munda wawo unali waung'ono, ana aamuna anali kutali. Chimene chinatsala choti anthu aziwatchulira dzina mwaulemu chinali thabwa limenelo. Ndipo pansi pa mtima ankaopa chachikulu kuposa apo, chakuti mwana wawo watayika ndipo mlandu wake udzafunsidwa kwa iwo.

Anayamba kusiya chakudya m'mbale. Loweruka lina Esinati anabwera ndi shuga ndi sopo monga ankachitira, ndipo bambo ake anamupatsa buluku lawo la ku tchalitchi kuti akalichepetse m'chiuno. Iye anali telala, m'chiuno mwa bambo ake ankamudziwa. Atayeza ndi tepi anaona kuti pachoka zala zinayi. Anapinda bulukulo, kenako anati, "Ababa, kawauzeni abusa. Ndidzaima."

A Kamphinda anakondwa mpaka misozi. Sanamufunse kuti chasintha n'chiyani. Ankadziwa kuti akafunsa amva yankho.

Mwambo wa mpingowo unali wakuti mafunso a obwezeredwa amawerenga mkulu amene wakhalitsa kuposa onse, ndipo mkulu ameneyo anali a Kamphinda. Abusa anawamvera chisoni, nati awerenga okha. A Kamphinda anakana. Anati ntchito imeneyi aigwira zaka zonsezi kwa ana a anthu ena, sangaithawe kwa mwana wawo.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza. Ngakhale aja obwera pa Khirisimasi pokha anafika, poti manyazi a mnzako amakoma kuonerera. Esinati anaima kutsogolo atavala chitenje chatsopano. Bambo ake anaima pafupi ndi tebulo la Mgonero, buku lili m'manja.

Anafunsa loyamba: "Kodi wabwera pano mwa kufuna kwako?"

"Inde." Ndipo zinali zoona, palibe amene anamukoka.

Anafunsa lachiwiri: "Kodi ukulonjeza kulemekeza makolo ako ndi kukhala mwamtendere ndi anzako?"

"Inde." Izinso zinali zoona, mudzi wonse ukanamuchitira umboni.

Lachitatu linali lakuti, kodi ukukhulupirira ndi mtima wako wonse kuti Mulungu aliko, ndipo amamva ukamamuitana. A Kamphinda sankafunika kuliwerenga, linali m'mutu mwawo. Anakweza maso. Mwana wawo ankawayang'ana, yankho lili kale pakamwa. Anaona kuti ayankhadi inde. Anaonanso kuti inde ameneyo sakupita kwa Mulungu, akubwera kwa iwo. Mwana amene anagwada n'kuwauza zoona zowawa anali pafupi kunama pamaso pa tebulo la Ambuye, ndipo wotulutsa bodzalo m'kamwa mwake anali bambo ake omubala.

Anatseka buku.

"Khala pansi, mwana wanga."

Kenako anatembenukira kwa abusa. "Abusa, lachitatuli sindifunsa. Mwanayu ayankha inde, ndipo akhala wanama chifukwa cha ine. Kuima ndamuimitsa. Kuyankha ndingamuyankhitse. Koma chimene funsoli likufuna sichili m'manja mwake, ndipo m'manja mwanganso mulibe."

Anaika buku pa tebulo, natsika, nayenda pakati pa anthu onse mpaka pa benchi ya kukhomo, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira. Anakhala pamenepo mpaka mapemphero anatha.

Pobwerera kunyumba anayenda awiriwiri. Atadutsa mjigo, Esinati anati, "Ababa, ndikanayankha."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinafunse."

"Koma sindikukhulupirirabe."

"Ndamva. Ine ndikukhulupirira. Koma lero ndadzifunsa kuti ndinachita chiyani kuti zikhale choncho, ndipo sindinapeze. Ndinangozipeza zili mwa ine. Ndiye ndingakulangire chiyani?" Anayenda pang'ono, kenako anati, "Uziti ukabwera Loweruka, tizikambirana. Usamandibisire."

Pa benchi ya akulu sanabwererepo. Zinawawawa, ndisakunamizeni, ndipo panali anthu amene anasiya kuwavulira chipewa. Koma Esinati sanadumphe Loweruka ndi limodzi lomwe. Ankakhala pakhonde, iye akusoka mabatani, n'kumatsutsana za Mulungu mpaka oyandikana nawo anazolowera. Iye ankafunsa mafunso amene sanayesepo kufunsa munthu. Bambo ake ena ankayankha, ena ankati, "Limenelo sindikulidziwa." Akati apemphere asanadye, iye ankaika singano pansi n'kudikira mpaka amalize. Mukandifunsa ngati anadzakhulupiriranso, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kukongoletsa nkhani ndi bodza.

Tsono inu makolo, ndi inu akulu anzanga. Timakonda kunena kuti wakutiwakuti wasankha kusakhulupirira, ngati kuti anapita kumsika n'kukasankha nsalu. Alipo ndithu ena amene amatseka makutu dala chifukwa mawu a Mulungu akuwasokoneza pa zimene akuchita. Amenewo ndi nkhani ina. Koma yesani nokha, pomwe mwakhalapo. Lamulani mtima wanu kuti usiye kukhulupirira kwa ola limodzi lokha. Simungathe. Mnzanuyonso sangathe kuulamula wake kuti uyambe, ngakhale mumuopseze, ngakhale mumuchititse manyazi pamaso pa mudzi wonse. Chimene mungakolole pomukakamiza ndi inde wa pakamwa, ndipo Mulungu amene inu mumamukhulupirira sanamizidwa ndi pakamwa.

Zosankha zilipo, koma zili pena. Iwe amene mtima wako wauma, ungasankhe kunena zoona, ndi kusaleka kufunsa, ndi kusanyoza amene akugwada. Inu amene muli nacho chikhulupiriro, simunachigule, choncho musamuyese wakuba amene alibe. Mupempherereni, mumuyankhe akafunsa, ndipo pakhomo panu pazikhala mpando wake.

Mukafika kunyumba lero n'kumupeza Esinati wanu, musamuyang'ane ngati mdani. Mwana amene wakuuzani zoona zoterezi sanakutayeni. Akanakhala kuti wakutayani, akanangokunamizani.