Namzeze ndi Pangano la Bowa

Nyama za ku Phiri zinali ndi bowa wambiri koma zinalibe mchere. Za ku Chigwa, kutsidya kwa mtsinje, zinali ndi mchere koma zinkalakalaka bowa. Zitatopa ndi kukangana padoko chaka ndi chaka, zinagwirizana kuti mbali iliyonse itumize loya wake akalembe pangano la malonda.

A ku Phiri anasankha Namzeze. Iyeyu anali ataphunzira malamulo a malonda m'mayiko asanu, koma kukhazikika ndiye ayi ndithu, ngakhale chakudya ankadyera m'malere. Tsikulo mtima wake unali kale pa msonkhano wina waukulu wa kunja.

Asananyamuke, Mayi Nguluwe, amene ankalera ana asanu ndi anayi ndi malonda a bowa, anamuitana. "Mwanangu, taterani kaye muone mmene ntchito yathuyi imayendera."

"Amayi, za bowa n'zanu, za malamulo n'zanga," anayankha Namzeze ali m'mwamba momwemo.

Loya wa ku Chigwa anali Bilimankhwe, wosadziwa changu. Ankawerenga ndime imodzi n'kupuma, pamene mnzathu uja ankangoti nthambi iyi wateraponso, iyo wachokapo, maso ali kudzuwa.

"Katundu aliyense azigona padoko masiku anayi kuti alonda amuunike," anatero Bilimankhwe. "Wathu ndi wanu yemwe, kwa zaka zisanu. Mukuti bwanji, achimwene?"

"Lamulo lofanana kwa tonse? Bweretsani ndisaine!"

Mvula itagwa, Mayi Nguluwe anasenzera padoko madengu asanu ndi limodzi. Tsiku lachiwiri bowa anayamba kuda, lachitatu mphutsi zinali nyakanyaka. Lachinayi alonda anagwira mphuno n'kuwauza kuti akataye. Mchere wa ku Chigwa unadikira masiku ake anayi, n'kuwoloka uli mbee, koma a ku Phiri analibe choti asinthanitse nawo.

Namzeze pobwera kuchokera ku msonkhano wake uja anapeza Mayi Nguluwe akukwirira bowa m'dzenje, ana atawazungulira. Manyazi anamugwira, ndipo kanali koyamba kuti atere pansi.

"Komatu lamulo linali lofanana," anatero ndi mawu otsika.

"Lofanana, inde," anayankha mayiwo osatukula mutu. "Nanga mwanangu, m'mayiko asanu aja sanakuuzeni kuti mchere suwola?"

Zaka zisanu zonsezo, ana a ku Phiri anadya ndiwo zopanda mchere.

Phunziro: Safunsa anadya phula. Woyankhulira anzake ayambe wakhala nawo pansi, adziwe katundu amene asenza.