Nadontho ndi Khola la Nyerere

Kale ndithu, madimba asanayambe kununkha mankhwala, kunali kachikumbu kofiira ka madontho akuda kumsana, dzina lake Nadontho. Thupi linali ngati njere ya khobwe, koma mimba yake sinkadziwa zimenezo.

Chaka chimenecho dzuwa linawamba tchire lonse. Kobiriwira kunangotsala m'dimba la a Thawale, mmene munali mpiru. Chakudya cha Nadontho chinali nsabwe za m'masamba, zija zimaunjikana kuseri kwa tsamba n'kumayamwa. Tsoka lake, nsabwezo zinali ndi eni ake. Nyerere zinkaziweta ngati ng'ombe, n'kumazikama timadzi totsekemera, ndipo kapitawo wa kholalo anali Chiluma, nyerere ya chimutu chachikulu yosaseka ndi munthu.

Nadontho anakhala ndi njala masiku atatu. Tsiku lachinayi anapukuta madontho ake n'kukwera mpiru.

"Odi kukhola kuno, alamu!"

"Chilamu chinayamba liti?" anatero Chiluma. "Tsika."

"Nditsika, ndimangodutsa. Ine ndine sing'anga wa ziweto. Koma iyo ili apoyo yayamba liti kutupa chonchi?"

Chiluma anacheuka. Inali nsabwe yonona kuposa zonse.

"Kumeneko n'kunenepa."

"Kunenepa? Mayo ine! Anzanu a kutsidya ankateronso. Lero m'khola mwawo mukumera udzu."

Chiluma mutu unangokula, nzeru munalibe. "Nanga titani?"

"Yodwala ichoke msanga. Inu musaikhudze, ndikaikwirira ndekha."

Anainyamula, anazungulira kuseri kwa tsamba, anaikwirira m'mimba. Mawa lake anapeza zodwala ziwiri. Mkuja wake zinayi. Matendawo ankagwira zonona zokhazokha, ndipo nyerere zinkamuperekeza zikuthokoza.

Tsiku lina Chiluma anamutsatira mwakachetechete, ndipo anamupeza mwendo wa nsabwe ukulendewera pakamwa.

"Manda aja ndi amenewa?"

Nadontho anadzigwetsa chagada, anapinda miyendo, n'kutulutsa timadzi tachikasu tonunkha tija a mtundu wake amatulutsa akapanikizika.

"Alamu, ndimailawa kuti ndidziwe nthendayi. Yandilowa. Thawani, ingakugwireni!"

Nyerere zinabalalika, zina kuchita kugwa pa tsamba. Pobwerera zinapeza maliro palibe, nsabwe zisanu palibenso.

Chiluma anakadandaula kwa Buluzi wa pampanda. Buluzi anamupeza Nadontho akuothera dzuwa, anamuponda ndi phazi pamsana.

"Ndiwe sing'anga uja? Dzichize tione."

"Malume, ndidyeni, sindikana. Koma munthu wamkulu ngati inu angameze ndiwo osalawa mchere? Zimenezo amachita ndi ana."

Buluzi anatulutsa lilime n'kunyambita timadzi tachikasu tija. Kuwawa kwake ndulu ichepa. Analavula, anapukuta kamwa pa mwala, analavulanso, ndipo Nadontho anali atafika kale pamwamba pa mpanda akuseka. Mpaka lero Buluzi akakumbukira amangogwedeza mutu.

Akanakhala wina, akanadya mwakachetechete mpaka mvula kugwa. Koma kukhuta kumayabwa pakamwa. Nadontho anaulukira kuphiri, kumene abale ake anaunjikana m'ming'alu ya miyala, ali gwaa ndi njala, kudikira mvula.

"Mukadali pano? Kumene ndikukhala ine ndiwo amachita kundiwetera antchito. Buluzi akandiona amapatuka."

"Kuti kumeneko, achemwali?"

"Kwa a Thawale. Abwere awiri kapena atatu adzaone."

Abale! Pa masiku atatu a njala aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti Nadontho wadya chiyani. Koma atamva za ndiwo, anadzuka onse, azakhali, adzukulu, ndi ena oti ubale wake unali wa madontho okha. Dimba linafiira. Anadzaza pa mpiru, pa mpanda, pa keni yothirira, ena kugwera m'chitsime. Chiluma anaona kuti pano palibe ndewu. Anatola tinsabwe towonda tingapo n'kulowa nato kuuna, pansi pa mizu.

Pasanathe masiku atatu nsabwe zinatheratu. Mpiru umene unali utakwinyika unayamba kutambasuka, masamba ake osalala ngati a nthochi.

M'mawa mwake a Thawale anafika ndi akazi awo kudzathirira. Anaima pachipata kukamwa kuli yasa.

"Mayi a Feliya, taonani mliri uwu!"

"Koma bambo, mpiruwu ukuoneka bwino kuposa kale."

"Bwino? Mukufuna tidikire mpaka tizilomboti timalize mpiru wonse?"

Kutembenuza tsamba limodzi lokha, kuona kuti akudya mnzake ndani, sichinali chinthu chovuta. Koma anthu a botolo la mankhwala sawerama. A Thawale anapita kunyumba, anatenga mankhwala otsala ku thonje, anakhuthulira mu mpope osayeza n'komwe, n'kuubereka kumsana.

Abale aja atamuona munthu akubwera, anatambasula mapiko.

"Tithawe, achemwali!"

"Muthawire kuti? Kuphiri kuja mukadya miyala?" anatero Nadontho. Iye ankadziwa kuti kunja kwa mpandawo kulibe tsamba lobiriwira ngakhale limodzi, ndipo nsabwe zikadzabwerera zidzabwerera momwemo. "Munthu ndi wamkulu kuposa Buluzi, ndiye kupusa kwakenso n'kwakukulu. Gonani chagada nonse, pindani miyendo. Aona ngati tafa kale, abwerera."

Anamumvera, poti anali asanalepherepo. Dimba lonse linagona chagada, mimba zili poyera. Nadontho anagona patsogolo penipeni, diso limodzi lili lotsegula, kudikira kuti munthuyo awerame adabwe.

A Thawale sanawerame. Maso awo anali kumapeto kwa mzere, dzanja likupopa. Nkhungu yoyera inatsika pa mimba zonse zija.

Sanafe okha. Njuchi zinagwa, agulugufe anagwa, chiswamphika chinauma chili chiimire pa mpanda. Buluzi anasamuka osatsanzika.

Fungo litachepa, Chiluma anatuluka kuuna ndi tinsabwe take. Anamupeza Nadontho pansi pa mpiru, ali chagada, miyendo yopinda.

"Alamu, dzukani. Tikukudziwani."

Nadontho anamva. Anafuna kuyankha, anali nalo kale bodza labwino pakamwa. Anayesa kutambasula mwendo, mwendo unakana.

"Musiyeni," Chiluma anauza anzake. "Titembenuke, muona athawa."

Nyerere zinatembenuka. Zinadikira. Zinacheuka, ali pomwepo. Zinatembenukanso kachiwiri, poti zinali zitapusitsidwa kokwanira. Kenako zinamugwira miyendo n'kumukokera kuuna, ndipo tsiku limenelo anakwiriridwa mmene iye ankakwiririra ziweto zawo.

Tinsabwe towonda tija tinaswana popanda wotidya. Mwezi usanathe mpiru unakwinyika kuposa kale, ndipo a Thawale anakagula botolo lalikulu. Chaka chotsatira anagula awiri.

Pitani m'dimba lililonse lero mukatembenuze tsamba. Nsabwe mukazipeza, nyerere mukazipeza zikukama. Kofiira kaja mukafunafuna mpaka msana kuwawa. Nadontho ananamiza Chiluma, ananamiza Buluzi, chifukwa onsewo ankayamba ayang'ana. Uyu wa mpope sanamuone n'komwe.