Madzi a Alendo

Panali mayi wina, anthu ankangomuti Nankhoma, amene ankakhala m'mudzi wa kumunsi kwa mtsinje. Ndati kumunsi, ndipo mawu amenewo muwagwire.

Mtsinjewo unkachokera m'phiri n'kudutsa midzi yambiri usanafike kwawo. Kumtunda anthu anali atadula mitengo ya m'gombe n'kuwotchera njerwa. Ena analima tomato mpaka khasu kumakhudza madzi, ndipo akatha kupopera mankhwala ankatsukira momwemo. Chapafupi ndi mudzi wa Nankhoma panali khwawa lothira mumtsinjewo, ndipo m'mbali mwake anthu anandandalika makola a ng'ombe ndi zimbudzi, poti dothi lake linali losavuta kukumba. Mvula ikagwa zonsezo zinkatsika. Mjigo m'mudzimo munalibe, ndiye zinkathera m'mitsuko.

Nankhoma anali mayi waukhondo wadzaoneni. Pabwalo pake ankasesa mpaka nyerere kusowa chonyamula. Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri ndi kulandira alendo. Mayi ake anamulera kuti mlendo umamutungira madzi a pamwamba pa mtsuko, osati a pansi, ndipo umamupatsira ndi manja awiri utagwada. Anali ndi kapu yake ya alendo, yoyera mbee, imene iye mwini sanamwerepo.

Mwana anali naye mmodzi yekha, kamtsikana, kamene kanabadwa mayiyo atayamba kale kutaya mtima. Anakatcha Sungeni. Bambo ake anatsikira kulichete mwanayo akukwawa, ndiye pakhomopo panatsala awiriwo. Sungeni anali wamacheza, wa mafunso osatha, koma m'mimba mwake simunkachedwa kuvuta. Mayi ake ankasefa madzi pakansalu n'kuwasiya kuti matope akhale pansi. Kuwiritsa ankafuna, koma nkhuni azitenga kuti? Mitengo inali itapita ndi njerwa.

Chaka china kunabwera bambo wa za madzi kuchokera ku boma, a Likongwe, pa njinga yamoto, atamangirira bokosi la mabotolo kumbuyo. Anasonkhanitsa anthu nati, "Tikufuna tiziyeza madzi a mtsinje uno mwezi ndi mwezi, mudzi ndi mudzi, kuyambira kuphiri mpaka kuno. Mundipatse munthu mmodzi wodalirika woti azinditungira tsiku limene ndikubwera."

Maso onse anatembenukira kwa Nankhoma. Akanasankhanso ndani?

A Likongwe anamupatsira botolo. "Mayi, muzitunga pamene mumatunga nthawi zonse. Koma muzitunga bwinobwino, botololi lisade."

Tsono apa ndi pamene nkhani inakhotera. Anthu a m'mudzimo kuyezedwa ankakudziwa. Kunkabwera a zaumoyo kudzaona zimbudzi, mathandala a mbale ndi maenje a zinyalala, ndipo mudzi wopezeka ndi uve unkatchulidwa dzina pamsonkhano, anthu n'kuseka mpaka misozi. Kwa iwo kuyeza kunali mayeso basi. Pa mayeso munthu amakhoza kapena kulephera, ndipo Nankhoma sanali mayi wolola kuti mudzi wake ulephere m'manja mwake.

Tsiku loyamba anatsikira kudooko ndithu, monga anamuuzira. Anamiza botolo, n'kulikweza padzuwa. Madziwo anali ofiirira ngati thobwa la mawere, tinthu tikuyandama mkati. Manyazi anamugwira. Anati mumtima, awa ndi oti ndikapereke m'manja mwa munthu wochokera kutali? Akatiyesa anthu otani? Anakhuthula, natsuka botololo.

Kuseri kwa chitunda kunali kasupe kakang'ono pansi pa mkuyu wina umene nkhwangwa zinauphonya. Kunali kutali, njira yake yokwera, ndipo kasupeko kankangodontha. Wofuna kudzaza ndowa akanataya tsiku lonse, ndiye palibe ankatungako madzi a pakhomo. Koma botolo limodzi linkatheka. Nankhoma anasiya Sungeni kwa mnzake woyandikana naye, nakwera chitundacho. Anabwerako thukuta lili kamukamu, botolo atalikulunga m'chitenje.

Analiika pakhonde. Sungeni anabwera n'kunjuta, kuliyang'ana mbali ino, kuliyang'ana mbali iyo.

"Amayi, mulibe kanthu umu."

"Muli madzi, mwanawe."

"Nanga bwanji sakuoneka? Ndimweko."

"Ayi, awa ndi a alendo. Ako ali mumtsuko."

Sungeni anali mwana womva. Analowa m'nyumba nakamwa a mumtsuko.

A Likongwe atafika, Nankhoma anawaikira mpando pamthunzi wa mango, nagwada, napereka botolo ndi manja awiri. Iwo analikweza m'mwamba nati, "Koma ndiye ndi oyera."

"Timayesetsa, bambo."

Bamboyu musamuchotse pamlandu. Anadutsa pamlatho wa mtsinje womwewo pobwera, ndipo maso anali nawo. Koma midzi yoti afike inali yambiri, dzuwa linali likukwera, potsikira kudooko panali poterera, ndipo mpandowo unali wabwino. Anaika botolo m'bokosi mwake, natsazika.

Mwezi wotsatira anabwera akumwetulira. "Mumtsinje wonsewu, madzi opanda vuto ndi anu okha." Amayi a m'mudzimo anaimba nthungululu. "Takhoza!" Ambiri a iwo ankadziwa kumene Nankhoma watunga, ndipo m'malo momufunsa ankamugwira dzanja kuti wawachotsa manyazi. Iye mtima unali m'malo. Sankaona kuti akunama. Ankaona kuti akuchita zimene mayi woleredwa bwino amachita.

Zinapitirira choncho. Mwezi ukatha, iye ulendo kuchitunda. Botolo likaima pakhonde, Sungeni ankabwera ndi funso lake lomwe lija, mpaka linasanduka sewero la awiriwo.

"Lero ndimweko?"

"Tsiku lina, mwanawe."

Ku boma anthu anasonkhanitsa zotsatira za mtsinje wonse. Kumene madzi anapezeka oipa anayambira komweko. Anakhala pansi ndi eni madimba ndi eni makola, anagwirizana zosuntha khasu ndi ng'ombe kutali ndi gombe, anabzala udzu wa vetiva ndi mitengo, anakumba mijigo. Koma atafika pa khwawa lija anati, ngati mudzi wa kumunsi kwake ukumwa madzi oyera chonchi, ndiye kuti khwawalo lilibe choipa. Analisiya momwemo, zimbudzi zake ndi makola ake.

Tsiku lina chigalimoto chokumba mijigo chinadutsa pamsewu, ana akuchithamangira, ndipo sichinaime. Anthu anakwiya. Ankati, ife okhoza atidumpha bwanji, mphoto n'kupita kwa olephera? Ena anati ndi tsankho, ena anati kwatsala n'kupirira. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganizako za botolo. Nankhoma anangoti kapena sanayesetse mokwanira, ndipo mwezi umenewo madzi a pakasupe anawasefanso pakansalu katsopano.

Kenako dzinja linafika ndi ukali. Mvula inagwa yosalekeza, khwawa linasefukira, zimbudzi zinagumukira m'madzi. Patapita masiku ochepa matenda otsegula m'mimba analowa m'mudzi, khomo ili, khomo ilo.

Sungeni anayamba chakumasana. Anasanza, natsegula, nasanzanso. Maso analowa mkati mayi ake akuona. Ankangoti, "Madzi, amayi." Nankhoma anamutungira amene analipo, a mumtsuko. Ataona kuti zikukula, anamubereka n'kuuyamba wa kuchipatala, matope ali m'mawondo. Ankamuyankhula njira yonse kuti asagone. Poyamba mwanayo ankayankha. Kenako ankangong'ung'udza. Atadutsa mlatho, Nankhoma anamva kamutu kagwera pambali, thupi lalemera mwa mtundu wina. Mayi wobereka mwana kumsana safuna womuuza. Sanaime, anayendabe mpaka pakhomo la chipatala, koma anafikapo atanyamula maliro.

Abale anga, chisoni chimenecho ine ndilibe mawu ake. Mwana mmodzi yekha, wodikiridwa nthawi yaitali chotero.

Tsiku la a Likongwe linakwana anthu asanaphwasule msasa wa maliro. Iwo anali atamva kale panjira. Ulendo uno mpando anaukana, nakhala pamphasa, chipewa chili m'manja. Nankhoma anali atatsamira khoma, amayi anzake atamuzungulira. Kuchitunda sanapite.

"Pepani, mayi," anatero a Likongwe. "Ine mutu waima. Madzi anu ndi amene anali abwino kuposa onse. Mjigo uja tinaupititsa kwina chifukwa tinkati inu mukhoza kudikira."

Nankhoma anadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Mwati munatidumpha chifukwa madzi athu anali abwino?"

"Eya, mayi. Ife timayambira kumene madzi aipa. Kuyeza kuja ndi kofuna kupeza odwala."

Amayi aja anayamba kuyang'ana pansi mmodzimmodzi.

"Bambo, ndifunseko. Madzi ndinkakupatsani aja, ankamwa ndani?"

"Kumwa? Palibe, mayi. Timangowayeza. Tikamaliza timataya."

Nankhoma sanalire. Anagwira khoma, naimirira, nalowa m'nyumba. Anatenga kapu ija ya alendo. Anapendeka mtsuko umene Sungeni anamwamo komaliza, natunga a pansi penipeni, osasefa. Anatuluka, nagwada pamaso pa mlendoyo monga anamuphunzitsira mayi ake, napereka ndi manja awiri.

Mnzake wina anamukoka chitenje. "Nankhoma, si a mlendo amenewo."

Iye sanacheuke. "Athu ndi awa, bambo. Aja anali a pakasupe kuseri kwa chitunda. Ndinkachita manyazi."

A Likongwe analandira kapuyo. Anayang'ana matope akuzungulira mkati. Anathira madziwo m'botolo, natseka. Kenako anati, mawu ali pansi, "Mayi, wina andilondolere kudooko." Tsiku limenelo anatsika koyamba, nsapato zili m'manja. Anatsata gombe mpaka pakhwawa, naona ndi maso awo chimene chinali pomwepo nthawi yonseyi.

Zotsatira zake mukhoza kuzidziwa nokha. Anthu a m'khwawa anaitanidwa, makola anasunthidwa, zimbudzi zinakumbidwa kutali, m'gombe munabzalidwa. Chilimwe chitafika chigalimoto chija chinabweranso, ndipo ulendo uno chinaima. Mjigo anaukumba pafupi ndi nyumba ya Nankhoma, poti mpamene madzi anapezeka.

Tsiku lotsegulira amayi anamupempha kuti atunge ndowa yoyamba. Anapopa, nasenza, napita kwawo. Anatula pakhonde n'kusuzumira. Pansi pa ndowa pankaoneka ngati mulibe kanthu. Anatenga kapu ya alendo, naidzaza, naima pakhomo atayang'ana pabwalo lake losesedwa bwino lija.

"Bwera, mwanawe," anatero. "Lero umweko."

Pabwalopo panalibe woyankha. Apo ndi pamene analira.

Tsono inu amene mwalandira mabotolo oyezera madzi pamsonkhano uno lero, mverani. Nankhoma sanali wakuba, sanali waulesi, sanali wankhanza. Chinamuphera mwana ndi ulemu wopita posayenera. Wobwera kudzayeza madzi si mlendo woti mumusangalatse. Ameneyo mumuonetse bala lili poyera, ngakhale likununkha. Tungani pamene ana anu amamwa, pa tsiku limene madziwo ada kwambiri, ndipo mnzanu akakuchotsani manyazi ndi bodza musamuimbire nthungululu. Inu oyeza, mpando tikupatsani ndithu, ndi mwambo wathu, koma mukhalepo mutabwerako kudooko. Inunso a kumtunda musaweramitse mitu ngati izi ndi za ena: chimene mwataya m'gombe m'mawa, madzulo mwana wa mnzanu wamwa.

Ndipo m'nyumba mwanu mukakhala kapu imodzi yokha ya madzi oyera, mwana akapempha, mupatseni lero.