A Bulashi ndi Tabuleti Yojambulira

Kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wosoka nsapato, panali kachipinda konunkha penti. M'menemo munkagwira ntchito bambo wina wolemba zikwangwani amene anthu ankangowatchula kuti a Bulashi. Dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo ankachita kuliganizira kaye akafunsidwa kuchipatala. Dzanja la bamboyu linali lodziwika msewu wonse. Chilembo chawo chinkakhala ndi mimba ndi mchira: akatsindika bulashi mzere unkanenepa, akapepuza dzanja unkaonda ngati tsitsi, moti munthu ankadziwira patali kuti apa padutsa a Bulashi.

Koma nthawi sifunsa munthu. Eni masitolo anayamba kukonda zikwangwani zojambula pakompyuta n'kusindikiza pamakina, zija zimayaka dzuwa likalowa. Ntchito inayamba kubwera modontha ngati mpopi wakutha, ndipo mabulashi ena anaumira m'chitini.

Tsiku lina m'mawa munalowa mayi wophika buledi, kasitomala wawo wakalekale.

"Sitolo ya malemu bambo anga munalemba ndinu," anatero mayiyo. "Tsopano ndikutsegula malo atsopano kumapeto kwa mwezi uno, ndipo sindikufuna dzanja lina. Vuto ndi lakuti mwini nyumba akukana penti pakhoma. Pamwamba pa chitseko pali bokosi la magetsi, likufunika chithunzi chosindikiza. Osindikiza akuti inu mujambule pakompyuta, iwo angotulutsa. Mungathe?"

"Zazing'ono zimenezo," anayankha a Bulashi. Kompyuta anali asanaigwirepo kupatula kuisuntha patebulo.

Atafotokoza nkhaniyi kunyumba, mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, sanachedwe. Anawapatsa laputopu yake yakale, ndipo mawa lake pochokera kuntchito anabwera ndi kabokosi. M'katimo munali kachipangizo kakuda, kafulati ngati sileti, ndi cholembera chopanda inki.

"Iyi ndi tabuleti yojambulira, bambo. Mnzanga wa kuntchito amene amajambulajambula ndi amene wandisankhira. Akuti kwa woyamba kumene imeneyi ndi yokwanira. Mumalemba apa, chithunzi n'kumaoneka apo pa laputopu."

"Ndilembe apa, chioneke apo?"

"Eya. Dzanja pansi, maso kutsogolo."

A Bulashi anakhala pansi, kukwinya manja a malaya, n'kugwira cholembera. Asanakhudze n'komwe tabuletiyo, kamuvi ka pa laputopu kanali katayamba kale kuthamangathamanga ngati ntchentche pawindo. Akayang'ana dzanja, pansipo panalibe kanthu, bii ngati usiku. Akayang'ana kutsogolo, dzanja linkasochera ngati la munthu wina. Anayesa kujambula buledi wozungulira. Akazi awo anasuzumira paphewa, ali ndi beseni m'manja.

"Abambo, limeneli ndi dzira kapena bondo la munthu?"

Mwana uja anaseka, kenaka anadzigwira ataona nkhope ya bambo ake. "Musadandaule. Mnzanga uja akuti aliyense amayamba choncho. Muzingoyeserera tsiku ndi tsiku, dzanja lizolowera lokha. Mwezi ukadalipo."

Munthu amene ankalemba mzere wowongoka pakhoma lonse la sukulu popanda chingwe, lero akulephera kutseka chilembo cha O! Anayeserera tsiku limenelo ndi lotsatira lake, thukuta lili kamukamu, ndipo mizere inayambadi kumverako pang'ono. Koma m'mutu mwawo munali mutamera kale ganizo lakuti vuto silingakhale dzanja lawo. Dzanjali analidziwa kuyambira ali mnyamata. Mlendo m'nyumbamo anali kachipangizoka.

Mwana atangonyamuka kupita kuntchito, anakabwezera m'bokosi n'kulunjika kusitolo ya zamagetsi kumene kanagulidwa. Kumeneko mutu unaima. Pashelefu panali matabuleti ang'onoang'ono ndi aakulu, ena akuda opanda galasi, ena a galasi lowala, ena okhala ngati mafoni onenepa. Zonsezi akuti tabuleti. "Ngakhale mankhwala a mutu aja akuti tabuleti," anadziyankhulira a Bulashi. "Anthu amenewa mayina anawathera?"

Wogulitsa anali mayi wa magalasi, woyankhula modekha. Atamva dandaulo lawo, anawasonyeza ina ya galasi imene inali yolumikizidwa kale ku kompyuta ya m'sitolomo. A Bulashi anadutsitsa cholembera pagalasipo, mzere n'kutulukira pansonga penipeni, wonenepa potsindika, woonda popepuza. Analemba B wamkulu wa mimba zake ziwiri. Mtima unakhala m'malo.

"Iyi ndiye ya anthu. Ndipatseni imeneyi."

"Ndi yabwinodi, koma nayonso siyenda yokha, imadalira kompyuta. Yanu ndi yotani, bambo?"

"Yakuda."

"Ndikutanthauza mphamvu yake, komanso mabowo a m'mbali olowetsa mawaya."

"Mabowo alipo ambiri, mbali zonse ziwiri."

"Bwanji mukaitenge kaye tidzaione? Ngati ndi yakale, tabuleti mwabwezayi ndi imene ikugwirizana nayo. Mukanangoipatsa nthawi."

A Bulashi anaona ngati mayiyo akuwayesa munthu wa zotchipa. Anakana kubwerera. Anasiya tabuleti yoyamba ija, kuwonjezerapo ndalama zimene ankasungira penti, n'kutuluka atakumbatira bokosi lalikulu ngati khanda.

Kunyumba nkhani inatembenuka. M'bokosimo munatuluka waya wa mitu itatu, uliwonse ndi kamwa lake. Mutu wina unalowa pakhoma, wina unalowa mu laputopu, wachitatu unazungulira mabowo onse osapeza kwawo. Anautembenuza chadodolido, anauuzira mpweya, anaukankha mpaka akazi awo anakuwa kuti athyola katundu wa mwana. Galasi linangoti duu. Mawa lake anabwerera kumsika kukasaka kachitsulo kolumikizira. Koyamba sikanagwire ntchito, kachiwiri kanayatsa galasi koma chithunzi chinabwera chotambalala, buledi n'kuoneka ngati wapondedwa ndi galimoto. Atazikonza zimenezo, laputopu inayamba kutentha ndi kulira ngati ikufuna kuuluka. Cholembera chikapita kumanja, mzere unkabwera m'mbuyo mochedwa, ngati mwana wotopa akulondola amake kuchokera kumsika. Akalemba chilembo, ankachita kudikira kuti aone chimene alemba.

Ndiye panachitikanso ngozi. Pofuna mzere wowongoka, anatenga rula yawo yachitsulo monga mwa chizolowezi n'kuigoneka pagalasi. Poichotsa, inasiya chipsera kuchokera pakona kufika pakati. Atapita nayo kusitolo, mayi wa magalasi uja anaiyang'ana n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Pepani bambo, yokalika sitilandira. Koma musataye mtima, siinafe ayi. Bwerani ndi laputopu ija tiichotse zinthu zolemera, mwina ipepukako. Kapena mubwereke kompyuta ina kwa masiku otsalawa."

A Bulashi anavomera ndi pakamwa pokha. Anatuluka mutu uli ziwiziwi, osadziwa ngati wolakwa ndi laputopu, waya, galasi kapena mayiyo. Apa n'kuti mwezi utapitirira theka.

Pakhomo anapeza mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, woyendetsa takisi, munthu amene sankasowa yankho pa nkhani iliyonse. Anamvetsera pang'ono chabe n'kuwadula pakamwa.

"Alamu, mukuvutikiranji ndi mawaya ngati wokonza magetsi? Masiku ano kuli tabuleti yoyenda yokha. Simufuna laputopu, simufuna waya. Mumangoinyamula ngati buku, kujambula muli pampando, ngakhale muli m'basi. Mnzanga wokonza mafoni ali nayo, ndipo yanuyi akhoza kuilandira ndi chipsera chake chomwecho."

"Abambo," analowererapo akazi awo, "bwanji mudikire mwana abwere mumufunse? Mwachoka pa yoyamba musanaidziwe, pa yachiwiri musanaidziwe. Kodi mukusankha kapena mukuthawa?"

"Iwe, ntchito iyi ndi yanga. Chida amasankha ndi mmisiri."

Anakwera takisi ya mlamu wawo masana omwewo. Tabuleti ya wokonza mafoni inali yopepuka, yowala, yoimba nyimbo ukaiyatsa. Inkajambula zithunzi za anthu, inkaonetsa mpira, inkanena ndi za nyengo zomwe. A Bulashi anaona kuti apa ndiye afika. Anasinthana pomwepo, wokonza mafoni n'kuwaponyera kacholembera ka nsonga ya labala ngati basela.

Anazindikira mochedwa chimene kacholemberako kanalibe. Akatsindika, mzere unali womwewo. Akapepuza, womwewo. Anatsindika mpaka galasi linachita mabala a utawaleza, koma chilembo chinatuluka chofanana paliponse ngati waya wopinda, chopanda mimba, chopanda mchira. Akagoneka chikhatho pagalasi monga amachitira munthu polemba, tabuletiyo inkayesa kuti chikhathonso chikujambula, n'kudzaza madontho ponseponse. Anayamba kujambula dzanja lili m'mwamba ngati akuopa moto, phewa n'kuyamba kuwawa. Anaimbira mlamu wawo, iye n'kuyankha kuti ali ndi makasitomala, aimbanso. Wokonza mafoni anati malonda akatha atha, ndipo ya galasi ija inali itapita kale.

Masiku anali atatsala ochepa. Anakakamiza chithunzi cha buledi ndi dzina la sitolo mmene akanathera, n'kuthamangira nacho kwa osindikiza. Mkulu wa pamakina anachitsegula pakompyuta yake yaikulu, anachikulitsa kuti chifanane ndi bokosi la pachitseko lija, ndipo zilembo zinasweka kukhala timabokosi tambirimbiri ngati khoma la njerwa.

"Achikulire, chithunzichi mwachijambula chaching'ono kwambiri. Pafoni chikuoneka bwino, koma pachikwangwani chidzakhala phala. Mukajambulenso pa muyeso waukulu."

"Muyeso wake uti? Si mwati makina amakulitsa okha?"

"Amakulitsa chimene chilipo. Chimene palibe sangachipange."

A Bulashi anayesa kufunsa kuti muyesowo amausintha pati, mkuluyo anawasonyeza manambala ena pagalasi, koma mawu ake ankangodutsa ngati mphepo. Atabwerera kunyumba anapezadi posinthira, anaika muyeso waukulu, tabuleti ija n'kuzima yokha. Anaiyatsa, inaimba kanyimbo kake, n'kuzimanso.

Madzulo ake mwana wawo anafika atavala yunifolomu, atatopa. Masiku onsewo ankagonera kuntchito, ndipo ankangoganiza kuti bambo ake akuyeserera. Anayang'ana patebulo, n'kuona chinthu chachilendo.

"Bambo, ija ndinakubweretserani ili kuti?"

"Inali yovuta. Ndinasinthitsa."

"Ndi iyi?"

"Ayi, ndi ina. Inayo ndi imene ndinasinthitsa ndi iyi."

Mwanayo anayang'ana amayi ake, amayi ake anayang'ana kudenga. Anatenga kacholembera ka labala kaja, anakatembenuza, n'kukabwezera patebulo mwakachetechete. Sanakalipe. Anangoti, "Mukanandiimbira, bambo," n'kulowa kuchipinda. A Bulashi akanakonda akanakalipa.

M'mawa mwake anapita okha kwa mayi wa buledi uja. Anamupeza akulongedza mashelefu, fungo la penti yatsopano lili guu. Anafotokoza zonse, koma pofotokozapo nkhani inkawasokonekera okha: ya galasi, yopanda galasi, ya waya, yoyenda yokha. Mayiyo anamvetsera mpaka anasiya kugwedeza mutu.

"Ndiye chithunzi chilipo kapena palibe?"

"Chilipo, koma akuti palibe. Ndiloleni ndikulembereni pathabwa ndi penti. Pofika mawa chikhala chitauma."

"Thabwa ndilipachika pati, bambo anga? Mwini nyumba salola ndi msomali womwe. Osindikiza akhala akundiuza kuti ali ndi zithunzi zokonzakonza, ine n'kumakana kuti ndikudikira a Bulashi. Ndauza msewu wonse kuti mukulemba ndinu." Anapuma mozama. "Ndikutsegula mkuja. Sindingatsegule ndi bokosi lopanda kanthu."

Tsiku lotsegulira, a Bulashi sanafune kupitako, koma miyendo inawatengera komweko. Anaima tsidya lina la msewu, pafupi ndi mtengo wa magetsi. Anthu anali pamzere, ndipo pamwamba pa chitseko panali chikwangwani chowala bwino: buledi wa pachithunzi amene anali atamuonapo kale pamasitolo ena awiri, ndi zilembo zoima ndendende ngati asilikali, zopanda mwini. Sichinali choipa. N'chimene chinawapweteka kwambiri.

Wosoka nsapato uja anatulukira m'sitolomo atanyamula buledi wotentha m'pepala. Atawaona anawoloka msewu akumwetulira, n'kuloza m'mwamba ndi chibwano.

"Aneba, ndiye chimenechi chija munkatisowera nacho mwezi wonse? Chawala ndithu. Komatu dzanja lasintha, sindikanadziwa kuti ndinu."

Kwa a Bulashi, kuvomera kunali kunama, kukana kunafunika kuyambanso nkhani ya matabuleti imene ngakhale iwo eni sankaimvetsa. Anangokweza chipewa pang'ono ngati akupereka moni kwa munthu wina, n'kutembenuka kubwerera kukachipinda kawo ka kuseri kwa msika.

Chida chilichonse chimene bamboyu anagwira chinali ndi khomo lake lolowera, ndipo chinkangofuna munthu woti akhale pansi mpaka khomolo litatseguka. Iwo ankati akagogoda kamodzi, maso ali kale pa nyumba ina. Akuluakulu anaziona kalekale zoterezi pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.