Chiuli ndi Chipata Chozungulira

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, padangokhala. Mwati tili tonse? Ndiye tcherani khutu.

Nyama zinkamanga chipatala m'nkhalango. Mwini ntchito anali Kambuku, kapitawo anali Fisi, mlonda wa pachipata anali Njiri. Ntchito inayamba bwino, koma katundu anayamba kusowa. Lero misomali, mawa malata, mkuja simenti. Khoma linangofika m'chiuno n'kuima, odwala akugonabe pansi pa mitengo.

Fisi anati, "Bwana, wakuba ndi Njiri. Pachipata amakhalapo ndani?"

Njiri anagwada. "Ndione bwanji, bwana? Awa akulowa, awa akutuluka, onse nthawi imodzi. Maso ndili nawo awiri okha."

Kambuku anati, "Chikasowanso china, chikopa chako ndichiyala pansi."

Mkazi wa Njiri atamva, anathamangira kwa Chiuli. Chiuli anali mayi wosula zitsulo, wamfupi, wa mapewa otakata, wosadziwa mantha. Anamva kulira kwa mnzakeyo, n'kunyamula nyundo yake. Atafika anazungulira mpanda wonse, kenako anaima pamaso pa Kambuku.

"Bwana, vuto si mlonda. Vuto ndi chipata chanuchi, chili yasa ngati kukamwa kwa ng'ona. Ndipatseni zitsulo, ndikumangireni china."

Kambuku anavomera. Chiuli anatseka mipata yonse ya mpanda ndi waya. Chipata chachikulu cholowera katundu anachikhoma loko, kiyi n'kupereka kwa Kambuku. Pambali pake anakumba dzenje, anaimika mzati wachitsulo, anauthira konkire. Konkire atauma, anamangirirapo mikono itatu yachitsulo yozungulira, yolola nyama imodzi yokha kudutsa. Pamzatipo anaika kagalasi kozindikira mapazi, mawaya ake n'kuwalumikiza ku sola.

Ali mkati mwa ntchito, Fisi anabwera monyang'wa.

"Achemwali, kuseri uko musiyeko kampata. Ife akuluakulu sitipanikizana ndi anyamata."

"Mpanda wanga ulibe kuseri, akapitawo," anatero Chiuli, osaleka kukhoma.

Linafika tsiku lophunzitsa chipata mapazi a antchito. Nyani anaika dzanja pakagalasi, kanyali kobiriwira n'kuyaka, chitsulo n'kuzungulira, wadutsa. Gwape anaika chiboda, wadutsa. Kamba anaika phazi, koma asanafike pakati chitsulo chinali chitadzikhoma kale. Chiuli anamasula kabokosi koyendetsa chipatacho, anawonjezera nthawi. Kamba anayesanso, wadutsa, onse n'kuomba m'manja.

Chiuli anati, "Akapitawo, tsopano inu."

"Ine? Ndani sandidziwa pano? Phazi langa siligunda zoseweretsa."

"Zili kwa inu," anatero Chiuli.

M'mawa mwake Fisi anafika patsogolo pa mzere. Anakankha ndi chifuwa, chitsulo gwa! Anakankha ndi mutu, chitsulo gwa! Kanyali kofiira kakungomuyang'ana. Kumbuyo anyamata anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Chimenechi n'chakufa!" anakuwa Fisi.

Chiuli anati, "Chili moyo, akapitawo. Sichikukudziwani basi. Bweretsani phazi."

Fisi anapereka phazi, maso ali pansi.

Panapita masiku, osasowa ngakhale msomali. Khoma linakwera. Koma Fisi anali atazolowera kuba.

Tsiku lina masana, antchito akupuma pansi pa mkuyu, Fisi analowa mosungira katundu. Anabereka thumba la simenti, analimanga ndi chingwe m'chiuno, pamwamba n'kufunda jekete lake laukapitawo. Anafika pachipata, anaika phazi, kanyali kobiriwira n'kuyaka. Mumtima anaseka. Analowa.

Koma mpata wa pakati pa mikonoyo Chiuli anauyeza wa thupi limodzi. Thumba linakodwa pamkono wachitsulo. Fisi anati apite kutsogolo, zosatheka. Anati abwerere, chipata sichibwerera m'mbuyo. Anadzikoka ndi mphamvu zonse, thumba phuu! Fumbi koboo!

Njiri analiza wezulo. Nyama zonse zinathamangirako, Kambuku patsogolo. Zinapeza kapitawo ali mbuu, mutu kunja, matako mkati.

"Madzi! Ndithireni madzi, thupi likuyabwa!"

Chiuli anati, "Musayerekeze, akapitawo. Imeneyo ndi simenti. Tikusaseni ndi tsache."

"Iwe undiuza chiyani? Nyani, thira! Ndine kapitawo!"

Nyani anayang'ana Chiuli, anayang'ana Fisi. "Mwalamula ndinu, bwana." Khuthu, ndowa yonse.

Kambuku anati, "Msiyeni pomwepo. Tiyeni tikaone kwawo."

Anapita kuphanga kwa Fisi. Misomali inali mommo, malata mommo, simenti mommo. Anatuta, anatuta, anatuta. Pobwerako dzuwa linali litapendeka, ndipo simenti ija inali itauma gwa pachiuno pa Fisi.

Chiuli anazula kachitsulo kotsegulira chipata pa ngozi, mikono ija n'kumasuka. Fisi anati aimirire, chiuno chinakana, chinatsikira pansi ndi kulemera. Anathawa akukwakwaza miyendo yakumbuyo, akulira huwiii, huwiii. Simenti inadzagwa patapita nthawi, koma msana sunawongokenso. Mukamuona lero, kutsogolo n'kwamtali, kumbuyo n'kwamfupi.

Kambuku anatembenukira kwa Njiri, makutu ali pansi. "Achimwene, ndinakulakwirani. Pepani."

"Zatha, bwana," anatero Njiri, mchira uli njo.

Chiuli anapaka girizi pamzati, anaonetsa Njiri motsegulira pa ngozi, ananyamula nyundo yake, n'kumapita kwawo akuimba mluzu. Chipatala chinatha, odwala n'kulowa m'nyumba.

Mwamva, anzanga? Khomo likhale limodzi kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Ndipo amene amafulumira kuloza mnzake chala, yambani mwaona chimene wabisa kumsana.

Nthano yanga yatsekeka pomwepa. Wina akaphule mbatata yanga ija, ndikumva fungo lopserera.