Mtsuko Wachinayi wa Abiti Jafali

Swala ya masana itangotha kumzikiti, Abiti Jafali anafika pakhonde la Shehe Chilungo atasenza mtsuko wosawotcha, wokutidwa ndi chitenje. Mayiyu anali mmisiri woumba mbiya wodziwika m'dera lonse la Ntaja, ndipo kwa zaka makumi atatu manja ake anali asanamuchititsepo manyazi. 

"Asalaam aleikum, Shehe."

"Waleikum salaam, mayi. Tulani, khalani pamkekapa. Kwagwanji?"

"Shehe, mantha andigwira. Mwana wanga Asiyatu ali ndi pakati, mwezi wake ndi uno. Kwathu wakhanda amasamba madzi a mumtsuko watsopano, woumba agogo ake. Ndaumba katatu, katatu konse waphulika pamoto. Anzanga kumtapo, kumene timakumba dothi, akuti ndi malodza. Chaka chatha Asiyatu anapita padera." Analoza mtsuko uja. "Uwu ndi wachinayi. Ndilembereni chithumwa ndisanauwotche. Ukasweka uwu, ndidziwa kuti mwana wanga ndamutaya."

Shehe, munthu amene anawerenga mabuku mpaka maso kuchita chidima, anauyang'ana mtsukowo nthawi yaitali.

"Mayi, ine pa za dothi ndine mbuli. Ndiphunzitseni kaye. Mumadziwa bwanji kuti mtsuko wakwana kulowa pamoto?"

Abiti Jafali anapsa mtima chamumtima. Munthu wabwera ndi nkhani ya moyo ndi imfa, iwo akufunsa zimene amadziwa ndi mwana yemwe! Koma ulemu unamugwira pakamwa.

"Timauyanika pamthunzi masabata awiri, Shehe. Kenako timaugunditsa patsaya. Ukamazizira, ndiye kuti m'kati mudakali madzi, ndipo moto uuphulitsa."

"Itatu ija inakhala masiku angati pamthunzi?"

Mayiyo anazolika.

"Masiku anayi. Ndimaopa kuti mwana abadwa mtsuko kulibe."

"Nanga uwu? Taugunditsani timve."

Anachotsa chitenje, naunyamula ndi manja awiri, nauika patsaya. Unali zii, ngati mwala wa mumtsinje. Misozi inatsika n'kudontha padothi laliwisilo. Manyazi anali pomwepo, koma mantha sanachoke.

"Nanga Asiyatu, Shehe? Akhala moyo?"

Shehe anayankha mofatsa:

"Mayi, zobisika amazidziwa ndi Allah yekha, ndipo sanaululirepo dothi. Za Asiyatu ine sindizidziwa, mtsukonso suzidziwa. Itatu ija inanena chimene inkadziwa basi, kuti inali yaiwisi. Mantha anu ndiwo anaiswa, ndipo inu mwakhala mukutola mapale ake n'kudziopseza nawo. Chithumwa sindilemba. Uwu usiyeni pamthunzi uume m'nthawi yake. Inu tengani mwana wanu lero lomwe, mukadikirire naye kuchipatala, pemphero la dua lili pakamwa. Mtsuko ukachedwa palibe kanthu, mayi. Amene simuyenera kuchedwa ndinu."