Mnthengu wa pa Uta wa Dzoole

Ana inu, mnthengu mumaudziwa, mbalame yakuda bii ija ya mchira wamphanda. Ndi mbalame yakuba mawu. Chimene yamva imasunga pakhosi, tsiku lina n'kuchitulutsa ngati chake.

Kalekale, m'tsinde mwa phiri lina, munali mlenje dzina lake Dzoole, mkamwini pamudzi wa eni. Mkazi wake Nankhoma adatola kamwana ka mnthengu katagwa m'chisa, nakalera ndi chiswe pafupi ndi mtondo. Posinja, mayiyo ankang'ung'udza kanyimbo kakekake, ndipo mbalameyo idakula ikumvetsera.

Chaka china Nankhoma adamwalira, koma nyimbo yake idatsala. M'mawa uliwonse, nkhungu ikadali m'mitengo ya masuku, kanyimbo kaja kankatsika kuchokera m'nthambi, n'kumadukiza pomwe mwiniwake ankapumira. Dzoole ankatsinzina, n'kumamva ngati musi ukugunda kuseri kwa nyumba. Ankamusowa mkazi wake, ndipo kanthawi kameneka ndi kokhako kamene mtima wake unkakhala pansi.

Koma mimba ya mbalame sidziwa maliro. Mnthenguyo adazolowera kutera pa ming'oma ya njuchi ya Msakambewa, mlongo wake wa malemuyo, n'kumawakha njuchi imodziimodzi.

"Alamu, mbalame yanu ija yandithera njuchi," adatero Msakambewa. "Mlongo wathu adapita, ife tikukusunganibe. Muilase. Apo ayi tikusudzulani, muzipita kwanu."

"Ndamva, alamu," adayankha Dzoole atazyolika. Manda a mkazi wake anali pamudzi pomwepo, ndipo sankafuna kuwasiya.

Kutacha adatenga uta nalowa m'nkhungu. Alenje amadziwa kuti mbalame ikamva nyimbo yake imabwera kudzayankha, choncho Dzoole adaika muvi pa nsinga, nayamba kuimba kanyimbo kaja ndi likhweru. Kumtunda kudamveka yankho. Adaimbanso. Yankho lidasendera pafupi.

Kenaka kudangoti phaa, mbalame ija n'kutera pansonga pa uta weniweniwo. Idapendeketsa mutu, nimalizitsa pomwe iye adalekezera. Muvi unkaloza kutsogolo, koma chofuna kulasidwacho chinali pamwamba pa dzanja lake, chikumuimbira. Kungogwedeza uta pang'ono, ikadauluka n'kukatera poti ilasike. Dzoole sadagwedeze.

Msakambewa, amene ankamutsatira, adakuwa: "Lasani, alamu!"

"Ndilase bwanji? Ili pa uta."

Tsiku lomwelo Dzoole adasudzulidwa. Adatuluka m'mudzimo atanyamula uta choimika, akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mtsuko wodzaza, mbalame ili pamwamba ikuimba.

M'menemo ndi mmene mudachokera mawu akuti, "Mbalame ikatera pa uta silasika." Wolakwa akakhala wakutali, chilango timachipeza msanga. Koma akakhala mwana wako, m'bale wako, kapena amene wasunga mawu a wokondedwa wako, dzanja limalemera, ndipo umalola kuti chilangocho chigwere iwe.